Midzi yakale ya m'mbali mwa mitsinje ku France: musankhe Dordogne, Lot, Loire, Seine kapena Ardèche?

Pa zithunzi midzi imeneyi imaoneka ngati ya mayi mmodzi: nyumba zamiyala, tchalitchi pamwamba, madzi m'munsi. Kusiyana kwake kumaoneka munthu utafika. Wina umafuna miyendo yolimba, wina sufikika popanda galimoto, wina uli ndi madzi osambamo, pomwe wina ukalowa m'madzi ake waika moyo pachiswe. Yonse imene tikambe pano ili m'bungwe la Les Plus Beaux Villages de France, lomwe linayamba mu 1982 ndipo limalandira midzi yaing'ono yokhala ndi malo otetezedwa osachepera awiri. Chizindikiro cha bungweli chimatsimikiza kuti mudziwo ndi wokongola. Za basi, za zitunda ndi za khamu la mu Ogasiti sichinena kanthu.

Dziwaninso kuti midziyi ndi yaing'ono. Pa maola awiri kapena atatu mwauzungulira wonse. Kwenikweni mukusankha mtsinje ndi zomwe zili pafupi nawo, chifukwa masiku anu athera kumeneko.

Zoyenera kuyang'ana musanasankhe

Mtengo. Kulowa m'mudzi ndi kwaulere. Ndalama zimathera pa malo ogona, galimoto yobwereka, poimika galimoto, ndi matikiti a mapanga, maboti ndi ma château, zomwe ndi nyumba zamalinga za mafumu akale. Matikiti ambiri a munthu wamkulu amakhala pakati pa ma euro 10 ndi 20, ndipo ma château ambiri a m'madera amenewa ndi a eni ake, choncho ana nawonso amalipira. Pogona pali chambre d'hôtes, chipinda m'nyumba ya munthu pamodzi ndi chakudya cham'mawa, ndi gîte, nyumba yonse yophikamo nokha, yomwe m'chilimwe cha kumeneko (Juni mpaka Ogasiti) amakonda kubwereketsa kuyambira Loweruka mpaka Loweruka linalo. Wa pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique kapena Zimbabwe awonjezerepo viza ya Schengen (gulu la mayiko a ku Ulaya a viza imodzi, lomwe France ilimo), yomwe ndi ma euro 90 kwa wamkulu, ndi inshulansi ya chipatala yofika ma euro 30,000. Kukhala ku Britain sikuchotsa lamuloli, chifukwa Britain sili mu Schengen.

Kafikidwe. Sitima imakusiyani m'tauni yapafupi, ndipo makilomita 10 mpaka 30 otsalawo ndi amene amavuta. Mabasi akumudzi ndi ochepa, Lamlungu amachepanso kwambiri. Nyengo nayo ili mu nkhani imeneyi: kuyambira Novembala mpaka Malichi malo ambiri odyera ndi oonera zinthu amatseka.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku. Apa tikunena zomwe malowo amafuna kwa inu mutafika: kukwera zitunda, kusungitsa malo nthawi ikadalipo, kugula chakudya. Kumudzi ku France chakudya chamasana chimaperekedwa kuyambira 12 koloko mpaka 2 koloko, chamadzulo kuyambira cha m'ma 7 koloko. Mukafika 3 koloko khitchini yatseka. Masitolo ambiri satsegula Lamlungu masana ndi Lolemba.

Zoopsa. Madzi, miyala, kutentha ndi msewu. Ku France amayendetsa kumanja, magalimoto obwereka ambiri ndi a giya ya pamanja, ndipo mukangodutsa chikwangwani cha dzina la mudzi liwiro ndi makilomita 50 pa ola ngakhale palibe chikwangwani china. Nambala ya ngozi ndi 112.

La Roque-Gageac ndi Beynac-et-Cazenac, pa mtsinje wa Dordogne

Midzi iwiriyi yatalikirana makilomita pafupifupi 5. La Roque-Gageac ndi mzere wa nyumba zopanikizika pakati pa thanthwe ndi madzi. Thanthwelo layang'ana kumwera ndipo limasunga kutentha, moti pafupi ndi tchalitchi pamamera nthochi ndi mitengo ya kanjedza. Beynac ili pansi pa château yomwe Richard the Lionheart, mfumu ya ku England, anailanda kumapeto kwa zaka za m'ma 1100. Pa nkhondo ya zaka 100 ya pakati pa France ndi England mtsinjewu unali malire: Beynac inali ku mbali ya France, pomwe Castelnaud, yomwe imaoneka tsidya lina, inakhala nthawi yaitali m'manja mwa a ku England. Lero ku Castelnaud kuli zida za nkhondo za nthawi imeneyo, kuphatikizapo makina oponyera miyala. Pafupi pomwepo pali munda wa Marqueyssac wa zitsamba zodulidwa ndi manja zokwana 150,000, ndi Château des Milandes komwe ankakhala woimba Josephine Baker. Palibe dera lina pa asanuwa lomwe lili ndi zoonera zambiri chonchi pa mtunda waufupi chonchi.

Mtengo. Kuchuluka kwa zoonera ndi kumene kumadya ndalama. Château iliyonse ili ndi tikiti yake, munda uli ndi yake, boti lake, ndipo poimika galimoto ndi polipira m'nyengo ya alendo. Banja la anthu anayi lolowa malo awiri pa tsiku lione kuti matikiti okha atha kuposa chakudya. Zimachepako mukagona ku msasa wa matenti m'mbali mwa mtsinje kapena mu gîte, n'kumagula zophika pa msika wa ku Sarlat-la-Canéda, womwe umachitika Lachitatu ndi Loweruka.

Kafikidwe. Sitima yochokera ku Bordeaux imafika ku Sarlat pa maola awiri ndi theka kapena kuposerapo pang'ono, ndipo Sarlat ili pa makilomita 10 ndi pang'ono kuchokera ku midziyi. Okhala ku Britain ali ndi mwayi wa ndege zotsika mtengo zotera ku Bergerac, makamaka m'chilimwe. Koma popanda galimoto muona theka la zomwe munabwerera.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku. Njira yokwera ku château ya Beynac ndi ya miyala yoterera ndipo ndi yotsetsereka kwambiri. Okalamba apite ndi galimoto mpaka poimika pa pamwamba. Mtsinje umaoneka m'njira ziwiri. Gabarre ndi boti lathyathyathya lotengera maboti akale onyamula matabwa ndi vinyo. Mumangokhala pansi kwa ola limodzi. Bwato lopalasa nokha mumalitenga kumtunda, ku Vitrac kapena ku Cénac, n'kutsika ndi madzi kudutsa La Roque-Gageac mpaka Beynac, ndipo obwereketsa amakutengani pa basi yawo. Amafuna kuti aliyense adziwe kusambira. Foni ndi pasipoti ziikeni mu chigubu chotseka chomwe amakupatsani, ndipo chimangirireni ku bwato.

Zoopsa. Msewu wa D703 umadutsa pakati pa nyumba ndi madzi, ndipo mu Julayi ndi Ogasiti magalimoto amaima mndandanda pa Beynac. Msewu wolambalala unayambika kumangidwa koma makhoti anauimitsa, choncho vutoli lilipobe. Fikani isanakwane 10 koloko m'mawa. Thanthwe nalo si chokongoletsa chabe: mu Januwale 1957 chimwala chinagwa ku La Roque-Gageac n'kupha anthu atatu, ndipo mu 2010 mbali ina ya linga la m'thanthwe inagumuka. Pomwe atseka njira, atseka pa chifukwa.

Saint-Cirq-Lapopie, pa mtsinje wa Lot

Mudzi uwu uli pamwamba pa phompho, mamita pafupifupi 100 kuchokera pa madzi. Kale unkadziwika ndi amisiri osema mitengo pa makina ozungulira, omwe ankapanga mipopi ya migolo ya vinyo. Mlembi André Breton anagulako nyumba m'zaka za m'ma 1950, ndipo mu 2012 oonera wailesi yakanema ku France anausankha kukhala mudzi wawo wapamtima. Chisankho chimenechi chinabweretsa khamu pa mudzi wa anthu pafupifupi 200.

Ife tinganene kuti chabwino koposa pano chili kunja kwa mudzi. Kuchokera ku Bouziès pali njira ya m'mbali mwa madzi yomwe kale ankakokerapo maboti ndi zingwe. Pomwe thanthwe linatsekereza, anthu a m'zaka za m'ma 1840 anaigoba m'thanthwe momwemo pa mtunda wa pafupifupi kilomita imodzi, moti mumayenda mwala uli pamutu, mtsinje uli pambali. Ndipo ku Cabrerets kuli phanga la Pech Merle, komwe mumaona zojambula zenizeni za anthu a zaka zoposa 20,000 zapitazo, kuphatikizapo akavalo amawangamawanga. Ku Lascaux, ku dera la Dordogne, phanga lenileni linatsekedwa mu 1963 ndipo alendo amaona lofanizira.

Mtengo. Matikiti ndi ochepa poyerekeza ndi ku Dordogne, chifukwa zambiri ndi zoyenda wapansi. Malo ogona m'mudzi momwemo ndi owerengeka ndipo ndi okwera. Ku Tour-de-Faure tsidya lina, ku Bouziès kapena ku Cahors n'kotsikirako.

Kafikidwe. Cahors ili pa makilomita pafupifupi 30, pa njanji yochokera ku Paris Austerlitz kupita ku Toulouse, ndipo kuchokera ku Paris ndi ulendo wa maola oposa asanu. Basi ya pakati pa Cahors ndi Figeac imaima tsidya lina la mtsinje, osati m'mudzi, ndiye pamatsala mlatho ndi chitunda, katundu ali pamsana.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku. Magalimoto a alendo salowa m'mudzi. Mukaimika poimika pa m'munsi mukwera popita, mukaimika pa pamwamba mukwera pobwerera. Ngolo ya mwana ndi njinga ya olumala zimavutika pa miyala yake. Ku Pech Merle amalola anthu 700 okha pa tsiku kuti mpweya wa anthu usaononge zojambula, choncho m'chilimwe gulani tikiti pa intaneti masiku angapo zisanachitike, ndipo tengani juzi chifukwa m'kati mumazizira. Ofuna kubwereka boti logonamo, lomwe silifuna laisensi, adziwe kuti zipata zokwezera ndi kutsitsa madzi pa Lot mumatsegula nokha ndi manja. Pamafunika akuluakulu awiri amphamvu.

Zoopsa. Njira ya m'thanthwe ilibe chotchinga ku mbali ya madzi. Mwana agwidwe dzanja. Mtsinje ukasefukira njirayo imamira. M'nyengo yozizira mungapeze mudzi wonse uli zii, popanda ndi pogula buledi pomwe.

Montsoreau ndi Candes-Saint-Martin, pomwe Vienne akumana ndi Loire

Kuchoka mu mudzi wina kulowa mu unzake ndi kuyenda wapansi kwa mphindi zosakwana 20. Nyumba zake ndi za tuffeau, mwala woyera wofewa womwe ankaukumba m'zitunda za pomwepo. Mapanga otsalawo lero amalimamo bowa ndi kusungamo vinyo. Château ya Montsoreau inamangidwa m'zaka za m'ma 1450 m'mphepete mwenimweni mwa madzi, ndipo kuyambira mu 2016 muli zojambula zamakono. Amene akuyembekezera mipando ndi makama a mafumu akhumudwa, ndiye dziwiranitu. Ku Candes ndi komwe Martin Woyera, episkopi wa ku Tours, anamwalirira mu Novembala 397, ndipo tchalitchi chachikulu cha m'zaka za m'ma 1100 ndi 1200 chinamangidwa pamalopo. Makilomita pafupifupi 5 kumwera kuli Fontevraud, nyumba ya amonke ndi masisitere yomwe inayamba mu 1101, inasanduka ndende kuyambira 1804 mpaka 1963, ndipo muli ziboliboli za pamanda a Henry II, mfumu ya ku England, mkazi wake Eleanor wa ku Aquitaine ndi mwana wawo Richard the Lionheart uja wa ku Beynac. Chigwa chonsechi chili pa mndandanda wa UNESCO wa malo ofunika pa dziko lonse kuyambira mu 2000.

Mtengo. Pano ndi pomwe mungasiye galimoto, ndipo ndalama zambiri zapulumukira pomwepo. Kubwereka njinga ku Saumur kwa masiku atatu sikufika pa mtengo wa galimoto, mafuta ndi chikole chake. Tchalitchi cha Candes, madooko ndi malo oonera pomwe mitsinje ikumana ndi zaulere.

Kafikidwe. Saumur ili ndi siteshoni pa njanji ya pakati pa Tours ndi Angers, ndipo kuchokera ku Paris ndi maola awiri kapena atatu malinga ndi posinthira. Kuchokera ku Saumur ndi makilomita 12 kapena kuposerapo pang'ono pa njira ya njinga ya Loire à Vélo, yomwe yonse ndi ya makilomita pafupifupi 900. Fontevraud imatsegula pafupifupi chaka chonse, choncho dera lino siligona tulo m'nyengo yozizira ngati Saint-Cirq.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku. M'mbali mwa mtsinje ndi mwathyathyathya. Chitunda chimayamba mukakhotera ku minda ya mpesa ya Saumur-Champigny kapena ku Fontevraud. Wosazolowera atenge njinga yamagetsi ndipo azitchaja batire usiku uliwonse. Lamlungu lachiwiri la mwezi uliwonse ku Montsoreau kumakhala msika wa zinthu zakale pa dooko. Ndi tsiku losangalatsa kwa wapansi, lovuta kwa wofuna poimika galimoto.

Zoopsa. Musasambe mu Loire. M'chilimwe amaoneka wosaya, ndi zilumba za mchenga zokopa, koma madzi amakumba mchengawo kunsi ndipo umagumuka munthu ataimapo, n'kumugwetsera pakuya pothamanga. M'malo ambiri kusambamo n'koletsedwa. Amene anakulira ku nyanja ndipo amadzidalira posambira ndi amene tikuwachenjeza kwambiri. Komanso madzi akatsika kwambiri kumapeto kwa chilimwe, maulendo a toue, maboti amatabwa a pa Loire, amatha kufupikitsidwa. Mukakwera pamwamba pa Candes muonanso nthunzi ya malo opangira magetsi a nyukiliya a Chinon, yomwe pa zithunzi zotsatsa simuiona.

La Roche-Guyon, pa mtsinje wa Seine

Uwu ndi mudzi wokhawo wa m'chigawo cha Paris womwe uli m'bungwe lija la Les Plus Beaux Villages de France. Château yake yatsamira thanthwe la choko, ndipo makwerero ogobedwa m'kati mwa thanthwelo amakafika ku nsanja ya m'zaka za m'ma 1100. Mu 1944 mkulu wa asilikali a Germany, Erwin Rommel, anaika likulu lake muno. Pakati pa château ndi mtsinje pali dimba lalikulu la masamba ndi zipatso. Giverny, komwe katswiri wojambula zithunzi Claude Monet anakhala kuyambira 1883 mpaka 1926, ili pa makilomita pafupifupi 10.

Mtengo. Wotsika kwa amene ali kale ku Paris, chifukwa mumapita m'mawa n'kubwerako madzulo.

Kafikidwe. Sitima yochokera ku Paris Saint-Lazare imafika ku Vernon pasanathe ola. Kuchokera pamenepo pali basi yopita ku Giverny m'nyengo ya alendo, koma kuti mufike ku La Roche-Guyon konzani njinga kapena takisi. Munda wa Monet umatsegula kuyambira cha ku Epulo mpaka 1 Novembala, ndipo château nayo imatseka pakati pa nyengo yozizira.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku. Makwerero a ku nsanja ndi oposa 200, ataliatali ndi osafanana. Tikiti ya ku Giverny gulirenitu pa intaneti.

Zoopsa. Kuphonya ulendo wobwerera: takisi pano siima pa msewu, muyenera kuiitanitsa nthawi ikadalipo. Seine ndi msewu wa zombo za katundu, si posambira.

Balazuc ndi Vogüé, pa mtsinje wa Ardèche

Kumwera kuno dzuwa ndi lina. Balazuc ndi tinjira tokhotakhota todutsa pansi pa nyumba, pamwamba pa thanthwe, ndipo m'munsi mwa mlatho anthu amasamba. Vogüé ili ndi château ya nsanja zozungulira pakati pa mudzi. Kumunsi kwa mtsinje kuli Pont d'Arc, mlatho wachilengedwe wa mwala wa mamita oposa 50 kupita m'mwamba, ndi phanga la Chauvet lomwe linapezeka mu 1994. Alendo amaona lofanizira lomwe linatsegulidwa mu 2015.

Mtengo. Misasa ya matenti ndi yambiri, koma mitengo yake imalumpha mu Julayi ndi Ogasiti n'kutsika msanga mu Sepitembala.

Kafikidwe. Kovuta kuposa onse. Njanji ya anthu siifika kuno. Mumatsika sitima yothamanga ya TGV ku Valence kapena ku Montélimar, kenako basi kapena galimoto kwa ola kapena kuposerapo. Njanji yakale inasanduka njira ya njinga ya Via Ardèche, yomwe imadutsa ku Vogüé.

Ntchito ya tsiku ndi tsiku. Nsapato zolowa nazo m'madzi, chifukwa pansi ndi miyala. Kupalasa bwato m'chigwa chakuya cha kumunsi kwa Vallon-Pont-d'Arc ndi ulendo wa makilomita oposa 20, wa tsiku lathunthu kapena masiku awiri; kugona n'kololedwa ku Gaud ndi ku Gournier kokha, mutasungitsa malo, ndipo ana osakwana zaka 7 saloledwa.

Zoopsa. Mvula yamkuntho ya m'mapiri a Cévennes, makamaka mu Sepitembala ndi Okutobala, imakweza mtsinje mamita angapo pa maola ochepa, ngakhale pomwe muli inu pasanagwe dontho. Onani Vigicrues, tsamba la pa intaneti lochenjeza za kusefukira kwa mitsinje, ndi machenjezo a zanyengo a Météo-France m'mawa uliwonse, ndipo musagone kapena kuimika galimoto pa mchenga wa m'mbali mwa madzi. Kudumphira m'madzi kuchokera pa thanthwe kumavulaza anthu chifukwa kuya kwake kumasintha ndi nyengo.

Ndani apite kuti

Muli ku Paris pa msonkhano kapena kwa achibale ndipo mwatsala ndi tsiku limodzi: La Roche-Guyon ndi Giverny, bola pakhale pakati pa Epulo ndi Okutobala. Saint-Cirq pa tsiku limodzi musayese. Tsikulo lithera m'sitima.

Mulibe laisensi, kapena kuyendetsa kumanja kukukuopsani: Montsoreau ndi Candes, masiku atatu, pa njinga kuchokera ku Saumur. Ndi komwenso tingatumize amene akuyenda ndi agogo kapena ndi mwana wa m'ngolo, ndi Akatolika ofuna kupemphera pomwe anafera Martin Woyera.

Banja la ana a sukulu, lokhala ndi galimoto ndi sabata yathunthu: Dordogne, mu gîte ya pakati pa Sarlat ndi mtsinje, château imodzi pa tsiku, bwato tsiku lina. Ngati tchuti chikulola, Juni kapena Sepitembala, osati Ogasiti. Ana akakhala achinyamata odziwa kusambira ndipo ma château sawasangalatsa, Ardèche kumapeto kwa Juni, mvula ya m'mapiri isanayandikire.

Anthu awiri okonda kuyenda wapansi ndi bata: Lot, mu Meyi kapena kumapeto kwa Sepitembala. Gonani ku Bouziès, nyamukani 8 koloko m'mawa pa njira ya m'thanthwe kuti mufike ku Saint-Cirq mabasi a alendo asanafike, ndipo tikiti ya Pech Merle ikhale ya tsiku lotsatira.